Sitandi ya m'mbali ya njinga yamoto: mmene ingakonzedwere kuti ithandize anthu aafupi msinkhu

Sitandi ya m'mbali ndi mwendo wachitsulo umene njinga yamoto imatsamira ikaimikidwa. Imamangidwa ku felemu kumunsi kwa injini, kawirikawiri kudzanja lamanzere, ndipo woyendetsa amaitsitsa ndi phazi asanatsike. Ndi chipangizo chaching'ono ndiponso chotsika mtengo, koma chimavutitsa kwambiri anthu aafupi msinkhu, kamba koti panthawi yoitsitsa kulemera konse kwa njinga kumakhala pa mwendo umodzi wa munthu. Mavuto amene anthu otere amakumana nawo ali amitundu itatu, ndipo lililonse lili ndi mankhwala akeake. Kudula sitandi, kumene ena amathamangira, kumathandiza pa vuto limodzi lokha, ndipo pa mavuto enawo kumangoonjezera ngozi.

Njinga zamoto m'dera la Bundabunda

Dera la Mfumu Bundabunda ya Asoli lili kum'mawa kwa tauni ya Chongwe, m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East Road umene umachokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Kumeneku n'kumene kuli akasupe a madzi otentha a Chinyunyu. Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe mu 2012, lili mbali yomweyo. Munthu akangopatuka pa phula amalowa m'misewu yafumbi ndi tinjira ta kumidzi, mmene muli mchenga, miyala ndi mitsinje ing'onoing'ono. Kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Epulo, mvula imasandutsa njira zimenezi kukhala matope.

M'madera otere njinga yamoto, imene ena amaitcha mthuthuthu kapena honda, imagwira ntchito yaikulu. Antchito a zaumoyo amaikwera popita kukapereka katemera kwa ana kumidzi yakutali. Alangizi a zaulimi amayendera nayo alimi. Aphunzitsi, abusa a mipingo ndi amalonda amaidalira, ndipo alimi amanyamulirapo feteleza, chimanga ndi ndiwo zamasamba kupita nazo kumsewu waukulu. Pakati pa anthu amenewa pali amayi ndi abambo aafupi msinkhu, ndipo ambiri a iwo sasankha okha njinga. Amalandira imene akuntchito agula, kapena amagula imene ndalama zawo zakwanira.

Njinga zopangidwira misewu yoipa, monga Yamaha AG200 ndi Honda XL125, zimakhala zazitali kuti injini isamagunde miyala, ndipo mipando yake imapitirira masentimita 80 kuchokera pansi. Njinga zonyamulira anthu ndi katundu, monga Bajaj Boxer, n'zotsikirapo pang'ono. Munthu wamtali masentimita 155 amakhala ndi mwendo wa masentimita pafupifupi 70 kuchokera pomwe amakhalira mpaka pansi. Munthu wotere akakhala pakati pa mpando wa njinga yaitali amangogunda pansi ndi zala za kumapazi, mwinanso za phazi limodzi lokha.

Mmene sitandi imagwirira ntchito

Sitandi ili ndi zigawo zochepa. Pali mwendo weniweniwo, umene umakhala wa paipi kapena wa chitsulo chosabooka. Kumtunda kwake kuli bawuti imene mwendowo umazungulirapo, ndipo bawutiyo imalowa m'kachitsulo kowotcheredwa kapena komangidwa ku felemu. Kumunsi kuli phazi lophwatalala limene limagunda pansi. Pambali pali kanyanga kotulukira kunja, kamene woyendetsa amaponda ndi chidendene kapena chala kuti atsitse sitandi. Pomaliza pali sipuling'i. Njinga zina zili ndi masipuling'i awiri, ina m'kati mwa inzake, kuti imodzi ikaduka inayo igwirebe.

Sipuling'iyo inaikidwa mwanzeru. Sitandi ikapindidwa, imaikokera m'mwamba kuti isagwe paulendo. Ikatsitsidwa n'kudutsa pakatikati pa njira yake, sipuling'i yomweyo imayamba kuikokera kutsogolo mpaka itagunda poimira pake. N'chifukwa chake sitandi yotsitsidwa bwino imaloza kutsogolo pang'ono. Sitandi imene yasiyidwa pakatikati imaoneka ngati yatsika, koma imapindika njinga ikangosuntha pang'ono kupita kutsogolo.

Njinga ikatsamira, imaima pa malo atatu: tayala lakutsogolo, tayala lakumbuyo ndi phazi la sitandi. Imakhala yokhazikika malinga ngati kulemera kwake kukugwera m'kati mwa malo atatuwo. Pamalo athyathyathya njinga zambiri zimapendekeka madigiri apakati pa 10 ndi 15. Ikaima chilili kuposa pamenepo, mphepo kapena mwana amene waigunda akhoza kuigwetsera kumanja. Ikapendekeka kwambiri, sitandi imasenza katundu wochuluka ndipo kuidzutsa kumafuna mphamvu zambiri.

Kusiyana kwa mphamvuzo kukhoza kuwerengedwa. Mwachitsanzo, njinga yolemera makilogalamu 120 itapendekeka madigiri 10, woyendetsa amafunika kukankha mahandulo ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 10 kuti aidzutse. Itapendekeka madigiri 20, mphamvuyo imawirikiza kawiri. Pa kaliyala pakakhala thumba la chimanga la makilogalamu 50, zinthu zimaipiraipira, chifukwa thumbalo lili pamwamba ndipo limakokera njinga kumbali imene yapendekekera.

Mavuto atatu a munthu wamfupi

Vuto loyamba ndi kufikira kanyanga. Opanga njinga amakabisa pansi pa chopondera phazi kapena kumbuyo kwake kuti kasakole zinthu. Munthu wamtali amaponda pansi ndi phazi lamanja mosavuta, n'kufufuza kanyangako ndi lamanzere. Munthu wamfupi, kuti phazi lamanja lifike pansi, amasuntha thupi kupita kumanja, ndipo akatero mwendo wamanzere umatalikirana ndi sitandi.

Vuto lachiwiri ndi kudzutsa njinga pochoka. Sitandi ikakhala yaifupi, yopindika, kapena yamira m'nthaka, njinga imapendekeka kwambiri, ndipo munthu amene akuponda pansi ndi zala zokha alibe pokankhira.

Vuto lachitatu limabwera pamene njinga yatsitsidwa kuti mwini wake afike pansi. Sitandi imene inali yoyenera imakhala yaitali, njinga imaima chilili, ndipo nthawi zina woyendetsa amachita kuipendeketsera kumanja kuti sitandi ipeze mpata wotsikira. Kwa munthu wamfupi nthawi imeneyi ndi yoopsa koposa.

Choncho chinthu choyamba n'kudziwa vuto limene lilipo. Njinga iimikidwe pa simenti kapena pa nthaka yolimba ndi yosalala, matayala atapopedwa bwino, ndipo wina aigwire kumbuyo pamene mwini wake akuyesa kutsitsa sitandi, kutsamiritsa njinga ndi kuidzutsa. Pamene akuvutikira ndi pamene payenera kukonzedwa.

Kaimikidwe kosafuna ndalama

Mavuto ena amatha pongosintha kaimikidwe. Woyendetsa ayenera kusankha malo asanaime, kupewa dzenje, mchenga wofewa ndi malo otsetsereka chammbali. Akaima, azimitse injini njinga ili m'giya yoyamba, atayire kilachi, ndipo aikankhire kutsogolo pang'ono mpaka giya itagwira. Akatero njinga singasunthenso n'kupinda sitandi. Kenaka agwire buleki yakutsogolo ndi dzanja lamanja, asunthe thupi kuti phazi lamanja liponde pansi lonse, ndipo atsitse sitandi ndi phazi lamanzere mpaka itagunda poimira pake. Ayang'ane ndi maso kuti yatsikadi, kenaka atsamiritse njinga pang'onopang'ono ndi kukhotetsa mahandulo kumanzere.

Pali njira inanso imene imathandiza pa njinga zopepuka zopanda katundu. Woyendetsa amayamba watsika kumanzere, atagwira mahandulo onse awiri ndi buleki yakutsogolo, n'kutsamiritsa njinga m'chiuno mwake. Ataima chilili choncho amatsitsa sitandi ndi phazi lamanja akuiona bwinobwino.

Pamtunda njinga iyenera kuyang'ana kokwera. Ikayang'ana kotsika imafuna kugubuduka kupita kutsogolo, kumene ndi mbali imene sitandi imapindikira. M'Zambia, monganso m'Malawi ndi Mozambique, magalimoto amayenda kumanzere, choncho sitandi imakhala mbali ya kunja kwa msewu. Izi zimathandiza kuti munthu atsikire kutali ndi magalimoto, komabe mphepete mwa msewu nthawi zambiri mumakhala motsika kuposa pakati. Pa Great East Road, woimika matayala pa phula sitandi ili pa dothi la m'mbali adzapeza njinga itapendekeka kwambiri. Ndi bwino kutulukiratu pa phula n'kuima pamene matayala ndi sitandi zili pamlingo umodzi.

Podzutsa njinga, kuwongola mahandulo kapena kuwakhotetsera kumanja kumaithandiza kudzuka. Wokwera kumbuyo ayenera kutsika sitandi isanatsitsidwe, ndipo akwere pokhapokha njinga itadzutsidwa, sitandi itapindidwa, ndi woyendetsa atanena kuti wakonzeka. Nsapato zolimba za pansi pochindikala, monga majombo antchito, zimaonjezera sentimita imodzi kapena awiri ndipo siziterereka pa kanyanga. Mapatapata ndi nsapato zopanda chogwira kuchidendene sizoyenera pa njinga yamoto.

Kutsuka ndi kudzoza

Sitandi zambiri zimene zimaoneka zovuta zimakhala kuti zangouma. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimalowa pa bawuti, zimasakanikirana ndi mafuta odontha ku tcheni, n'kusanduka phala lokhakhala limene limadya chitsulo. Sitandi yotere imafuna kukankhidwa mwamphamvu, ndipo munthu amene waima ndi mwendo umodzi amagwedezeka akamakankha.

Makanika amachotsa sipuling'i, amamasula bawuti, amatsuka zonse ndi parafini, n'kudzoza girizi asanabwezeretse. Bawuti ikadyeka kapena bowo likakula, sitandi imagwedera ndipo njinga imapendekeka kuposa kale. Apa mankhwala ake ndi bawuti yatsopano ya mtundu womwewo, imene ili ndi mbali yosalala yozungulirapo, pamodzi ndi nati yosamasuka yokha. Kachitsulo ka ku felemu kakapindika kapena kung'aluka, kayenera kuwongoledwa ndi kuwotcheredwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo.

Sipuling'i yofooka iyenera kusinthidwa. Ena amaganiza kuti kuika sipuling'i yofewa kungapepuse ntchito ya phazi, koma zotsatira zake n'zakuti sitandi imagwa yokha njinga ikadumpha bampu kapena dzenje. Mphira wodulidwa ku chubu chakale, umene ambiri amati malegeni, ungathandize munthu kukafika kunyumba sipuling'i ikaduka panjira, koma umatha msanga ndi kutentha kwa injini ndiponso mafuta, ndipo suyenera kusiyidwa pamenepo. Pobwezeretsa sipuling'i yolimba, amakanika ena amalowetsa mawashala kapena makobidi pakati pa mizere yake kuti italike, n'kuikoleka mosavuta. Ntchito imeneyi imafuna kusamala maso, chifukwa sipuling'i ikapulumuka imauluka mwamphamvu.

Bungwe la Riders for Health, limene linayambitsidwa ndi Andrea Coleman, Barry Coleman ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Randy Mamola, linagwirapo ntchito ndi antchito a zaumoyo m'maiko monga Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Lesotho. Chiphunzitso chake chachikulu chinali chakuti woyendetsa aziyendera njinga yake tsiku ndi tsiku asananyamuke, kuona mafuta, mabuleki, matayala ndi mabawuti. Sitandi ndi imodzi mwa malo oyenera kuonedwa pa kuyendera kotereku.

Kutalikitsa kanyanga

Pamene vuto lili pa kufikira, njira yabwino ndi kutalikitsa kanyanga popanda kukhudza kutalika kwa mwendo wa sitandi. Wowotcherera zitsulo amatenga chitsulo chobulungira cha mamilimita 8 kapena 10, amachipinda ngati ndowe kapena mphete, n'kuchiwotcherera pa mwendo wa sitandi kuti chitulukire kunja ndi m'mwamba pang'ono, pamene chidendene cha mwini njinga chimafika. Masentimita 3 mpaka 5 nthawi zambiri amakwanira. Malo ake ayenera kupezedwa mwini njinga atakhala pa mpando atavala nsapato zimene amayendera, ndipo achongedwe ndi choko. Nsonga yake ipindidwe kapena isalazidwe kuti isakole buluku, chitenje kapena zingwe za nsapato.

Kanyanga katsopano kasagunde tcheni, chosinthira magiya kapena chopondera phazi, kaya sitandi yapindidwa kapena yatsitsidwa. Kasatsike kwambiri, chifukwa njinga ikamakhota kumanzere imapendekeka, ndipo chitsulo chotulukira kunja chikhoza kukhula pansi n'kunyamula tayala lakumbuyo. M'tinjira ta m'thengo kanyanga kotalika kwambiri kamakola zitsa ndi udzu.

Sitandi iyenera kuchotsedwa pa njinga isanawotcheredwe. Pafupi pake pali paipi ya petulo ndi kabuleta, ndipo mphamvu ya magetsi owotcherera ikhoza kuwononga batire ndi kabokosi koyatsira moto wa injini. Sipuling'i nayo ichotsedwe, popeza kutentha kumaifooketsa. Sitandi za njinga zazing'ono zofala kumidzi ndi zachitsulo wamba chimene chimawotchereka ndi makina opezeka pa misika ya m'mbali mwa msewu. Njinga zina zazikulu zili ndi sitandi za aluminiyamu, zimene zimafuna makina apadera, ndipo pa zotere ndi bwino kugwiritsa ntchito kanyanga komangidwa ndi mabawuti. Amisiri amene anaphunzira m'masukulu ovomerezedwa ndi bungwe la TEVETA, limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'Zambia, amaphunzitsidwa kusiyanitsa zitsulo zimenezi.

Phazi la sitandi pa mchenga ndi matope

Phazi la sitandi zambiri ndi laling'ono, lopangidwira phula ndi simenti. Pa mchenga kapena pa nthaka yonyowa limamira pang'onopang'ono, ndipo munthu amene wasiya njinga ili bwinobwino amaipeza itagona, petulo akutayika, galasi litasweka kapena chogwirira kilachi chitathyoka. Ngakhale isanagwe, imakhala itapendekeka moti munthu wamfupi sangaidzutse yekha.

Mankhwala ake ndi kukulitsa phazi. Kachitsulo kophwatalala kochindikala mamilimita 3 kapena 4, kokula ngati chikhatho cha mwana, kakawotcheredwa pansi pa phazi kamagawa kulemera pamalo aakulu. Kayenera kugona pansi konse njinga ikatsamira, ndiponso kasagunde tcheni kapena mkono wogwira tayala lakumbuyo sitandi ikapindidwa. Amene sakufuna kuwotcherera akhoza kumayenda ndi kathabwa kakang'ono komangidwa chingwe. Amakaponya pansi, amatsitsirapo sitandi, ndipo pochoka amakakoka ndi chingwecho ali pa mpando, osafunika kuwerama. Mwala wophwatalala umagwiranso ntchito yomweyo.

Kampani ya Yamaha inaganizira nkhani imeneyi popanga AG200, njinga imene inapangidwira alimi a ku Australia ndi New Zealand ndipo pambuyo pake inafala pakati pa mabungwe ogwira ntchito kumidzi ya mu Africa. Njingayi ili ndi sitandi mbali zonse ziwiri, kotero kuti woyendetsa amasankha mbali imene nthaka ili yoyenera.

Kutsitsa njinga ndi kufupikitsa sitandi

Pali njira zingapo zothandizira munthu kufika pansi, ndipo zimasiyana pa zimene zimachita ku sitandi. Yosavuta ndi kusenga siponji ya mpando. Wosoka mipando amachotsa chikopa, amachepetsa siponji ndi masentimita 2 kapena 3 pamwamba, ndipo amasenganso m'mbali chakutsogolo kuti mpando ukhale wowonda pamene ntchafu zimadutsa. Kuchepetsa m'mbali kumathandiza kwambiri, chifukwa mpando wotambalala umatangadza miyendo. Njira imeneyi siisintha kutalika kwa felemu, choncho sitandi imakhala mmene inalili. Ndiyo yoyenera kuyamba nayo.

Njira zina zimatsitsa njinga yonse. Makanika akhoza kuika mashoko akumbuyo aafupi, kufewetsa amene alipo, kapena kukweza mapaipi a foloko yakutsogolo m'zogwirira zake kuti mutu wa njinga utsike. Kumbuyo ndi kutsogolo kuyenera kutsitsidwa mofanana kuti njinga isasinthe kakhotedwe. Koma walira mvula walira matope. Njinga yotsitsidwa imagunda miyala ndi mizere ya m'njira za ngolo, tayala likhoza kukhula madigadi pa dzenje, ndipo mashoko ofewetsedwa sapirira katundu wolemera kapena munthu wachiwiri. Sitandi yapakati, imene imanyamula tayala lakumbuyo, imakhalanso yovuta kukwezerapo njinga. Kuchepetsa mpweya m'matayala pofuna kufika pansi n'koopsa, chifukwa kumatenthetsa tayala, kumaboola chubu ndiponso kumasokoneza chiwongolero.

Njinga ikatsitsidwa motere, m'pamene sitandi imafunika kufupikitsidwa. Muyeso wake umapezeka popanda kudula chilichonse. Matayala onse awiri amakwezedwa pa matabwa ochindikala mofanana, sitandi n'kutsalira pansi. Njinga imapendekeka monga mmene ingachitire sitandi itafupikitsidwa ndi muyeso wa matabwawo. Matabwa amasinthidwa mpaka njinga itaima mokhazikika koma mwini wake n'kutha kuidzutsa yekha. Pofuna kudziwa ngati sitandi ikufunika kutalikitsidwa, thabwa limaikidwa pansi pa phazi la sitandi.

Podula, mmisiri amachotsa kachigawo pakati pa pokolekera sipuling'i ndi phazi, kuti sipuling'i ikhalebe yokokeka monga kale. Ngati mwendo ndi wa paipi, amalowetsa chitsulo m'kati mwake pamalo olumikizira asanawotcherere, kuti usadzathyoke pamenepo. Phazi libwezeretsedwe mopendekeka bwino kuti ligone pansi lonse. Ndi bwino kudula pang'ono n'kuyesa, chifukwa chitsulo chodulidwa mopitirira chimafuna ntchito yambiri kuchibwezera. Popeza sitandi za njinga zofala zimapezeka m'masitolo a zipangizo ku Lusaka, mwini njinga akhoza kugula ina yoti idulidwe n'kusunga yoyambayo, kuti adzaibwezere pogulitsa njinga kapena poikwezanso. Palinso sitandi zotha kutalikitsidwa ndi kufupikitsidwa ndi mabawuti, ngakhale kuti zimapangidwira makamaka njinga zazikulu.

Zizolowezi zowononga sitandi

Anthu aafupi ena amaliza injini ndi kiki njinga ili pa sitandi ya m'mbali, iwo ataimirira pa zopondera, popeza safika pansi. Kuchita zimenezi tsiku ndi tsiku kumapinda kachitsulo ka ku felemu ndi kukulitsa bowo la bawuti, ndipo njinga imanka ipendekekerabe. Ngati njinga ili ndi sitandi yapakati, ndiyo yoyenera kulizirapo injini. Ngati ili ndi sitata yamagetsi, kusamala batire kumapulumutsa sitandi. Kukhala pa njinga yotsamira podikira anthu okwera, monga zimaonekera m'malo oimikapo njinga ku Chipata, Katete ndi Petauke, kapena pakati pa akabaza a ku Malawi, kumawononga chimodzimodzi. Kuzungulitsa njinga pa sitandi pofuna kutembenuka pamalo opanikiza n'koipa koposa, chifukwa kulemera konse kumakhala pa bawuti imodzi. Matumba olemera ayenera kukwezedwa njinga ili pa sitandi yapakati kapena wina ataigwira.

Ngozi ya sitandi yoiwalika

Njinga imene yagwa pamalo oimikapo imawononga katundu ndipo ikhoza kuphwanya mwendo kapena kuutentha ndi paipi ya utsi. Ana amene amasewera pafupi ndi njinga yoimikidwa molakwika ali pa ngozi yomweyi. Koma ngozi yaikulu ndi ya sitandi imene yatsala yotsitsidwa njinga ikuyenda. Pamsewu woongoka woyendetsa sazindikira kanthu. Akangokhotera kumanzere, sitandi imalasa pansi, njinga imakana kupendekeka, ndipo imapita molunjika kudutsa mzere wapakati, kumene kumachokera magalimoto. Pa msewu wodzaza malole ndi mabasi ngati Great East Road, zotere zikhoza kutengetsa moyo.

Maiko opanga ndi kugula njinga zambiri anaika malamulo pa nkhani imeneyi. Ku United States, lamulo lotchedwa FMVSS 123 limafuna kuti sitandi izipindikira kumbuyo ndi m'mwamba ikagunda pansi njinga ikupita kutsogolo. Maiko a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo la masitandi a njinga zamoto mu 1993. Opanga njinga anatsata njira zosiyanasiyana. Njinga zakale za Honda zinali ndi kamphira pafupi ndi phazi la sitandi, kamene kankayamba kugunda pansi n'kuipinda. Zina zinali ndi sitandi yobwerera yokha njinga ikangodzutsidwa. Njinga zambiri zamakono zili ndi swichi imene imazimitsa injini munthu akalowetsa giya sitandi ili pansi.

Swichi imeneyi imakhala pamalo a madzi ndi matope, ndipo ikadetsedwa imatha kuzimitsa injini popanda chifukwa. Amakanika ena amangolumikiza mawaya ake kuti vuto lithe. Kuteroko kumachotsa chitetezo chimene chinaikidwa dala. Swichi iyenera kutsukidwa kapena kusinthidwa, ndipo aliyense wosintha sitandi aonetsetse kuti ikugwirabe ntchito. Njinga zambiri zotsika mtengo zilibe swichi n'komwe, choncho woyendetsa azolowere kupinda sitandi asanalize injini kapena asanalowetse giya, ndi kuigunda ndi chidendene asananyamuke.

Kuyesa ntchito ndi za malamulo

Sitandi ikakonzedwa iyenera kuyesedwa njinga isanalowe mumsewu. Itsitsidwe ndi kupindidwa kangapo, ndipo nthawi iliyonse izifika yokha kumapeto mwamphamvu. Ikapindidwa, isagwe munthu akagwedeza njinga kapena kuidumphitsa. Anthu awiri apendeketse njinga kumanzere, wina atakhalapo, kuti aone chimene chikuyamba kugunda pansi, ndipo chiyenera kukhala chopondera phazi, osati sitandi kapena kanyanga. Njinga iyesedwenso ili ndi katundu amene imanyamula masiku onse, popeza katundu amatsitsa mashoko n'kuchititsa kuti iime chilili. Malo owotcherera apakidwe penti kuti asachite dzimbiri, ndipo aziyang'anidwa ngati ayamba ming'alu.

M'Zambia nkhani za pamsewu zimayendetsedwa ndi bungwe la Road Transport and Safety Agency, RTSA, limene linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la Road Traffic Act nambala 11 la mu 2002. Woyendetsa njinga yamoto amafunika laisensi ya njinga yamoto, chipewa choteteza mutu, ndiponso njinga yolembetsedwa imene ili yoyenera kuyenda pamsewu. Njinga ya boma, ya mpingo kapena ya bungwe siyenera kudulidwa kapena kuwotcheredwa popanda chilolezo cha eni ake, ndipo njinga yatsopano ikhoza kutaya chitsimikizo cha ogulitsa ikasinthidwa. Wantchito amene wapatsidwa njinga yomutalikira ayenera kudziwitsa woyang'anira zamtengatenga kuntchito kwake, kuti mpando usengedwe, kanyanga katalikitsidwe, kapena apatsidwe njinga ina yomuyenera. Akuluakulu ogula njinga za antchito a kumidzi angapewe mavuto ambiri otere poyamba ayesa msinkhu wa anthu amene adzazikwera.